Chipsera cha Kumanzere

1. Zilembo zotembenuza

Loweruka m'mawa Namakala anafika ku ntchito maso ali ofiira, foni itazima m'thumba. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa zala zake sizinkayera. Anayamba kujambula ndi makala asanadziwe n'kulemba komwe, ndipo sopo anali atamulephera kalekale. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu anali atamaliza, ndipo ankaphunzira ntchito m'shopu yolemba zikwangwani.

Shopuyo inali chipinda chimodzi chachitali, chonunkha penti. Makwerero ankagona m'mbali mwa khoma. Mabulashi ankaviikidwa m'mabotolo odula pakamwa. Eni ake anali mayi achikulire, aafupi, a mawu ngati belu, amene tauni yonse inkawadziwa kuti Mayi Ovolosi.

Ntchito ya tsikulo inali galasi lalikulu la pawindo la ometa tsitsi. Galasi lotere salilemba kunja, chifukwa mvula ndi zikhadabo za ana zimatha penti mwezi usanathe. Amalilemba mkati, chilembo chilichonse chitatembenuka, kuyambira kumanja kupita kumanzere, kuti wodutsa mumsewu awerenge bwino. Namakala ankaitha ntchito imeneyi kuposa abwana ake. Koma tsiku limeneli, pa mawu akuti TIMAMETA BWINO, B wake anayang'ana kolakwika.

Mayi Ovolosi anazungulira galasilo n'kuima mbali ya kunja, manja m'chiuno.

"Tabwera uwerenge zimene walembazi. Ometawo akufuna makasitomala, osati anthu opinda makosi."

Namakala anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta. Anapukuta B, anapukuta W, n'kupitirira mpaka zilembo zabwinobwino zomwe. Mayi Ovolosi anamugwira dzanja. Anamufunsa ngati wadya, iye anati wadya. Ngati akudwala, anati ayi. Ndiye anamufunsa za foni, popeza inali isanalirepo m'mawa wonse, pomwe masiku ena inkalira ngati mwanapiye wotayika.

"Masana ano ndifufuta tsamba lija," anatero Namakala. "Lonse. Ndatopa."

2. Nkhope ya pabolodi

Tsamba limene ankanenalo linali lake la pa intaneti, pomwe ankaikapo zojambula zake. Kwa chaka chathunthu ankaliona ndi anthu ochepa, anzake a kusukulu ndi aphunzitsi awiri. Zinthu zinasintha milungu itatu m'mbuyomo, ataikapo chithunzi chimodzi.

Chithunzicho chinali pabolodi kumapeto kwa shopu, chitaphimbidwa ndi nsalu. Inali nkhope ya mayi ake.

Mayi akewo anachoka Namakala ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo anali atamwalira, ntchito kunalibe, ndiye iwo anakwera basi kukafuna ntchito kutali. Mwana anamusiya m'manja mwa mng'ono wawo, telala. Anati abwerako mvula ikatha. Makalata anabwera awiri. Kenako kunangoti zii. Panyumba panalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, chifukwa kabuku ka zithunzi anapita nako.

Mvula inatha kakhumi ndi kawiri. Namakala anakula akuyang'ana mayi aliyense wotsika basi ndi chikwama. Mayi aang'ono sankaifuna nkhaniyo. Ikangoyamba, makina osokera ankathamanga mpaka mawu osamveka. Ndiye nkhopeyo anaijambula mobisa, kushopu, nthawi ya nkhomaliro, miyezi iwiri yathunthu. Mutu wowerama pang'ono, maso atadzuka, kachipsera pamwamba pa diso. Atamaliza anaima pambali pake, Mayi Ovolosi n'kumujambula ndi foni. Pansi analemba kuti: "Awa ndi mayi anga. Amene mukuwadziwa, ndiuzeni."

Chithunzicho chinayenda ngati moto wolusa. Tsiku loyamba anthu ankayamikira. Tsiku lachiwiri anafika ena. Anati mtsikana sangajambule chonchi, alipo mwamuna amene amamujambulira. Ena anasiya chojambulacho n'kuyamba kuyeza thupi la wojambula. Kunabweranso akatswiri a pafoni, oti sanagwirepo ngakhale choko, kudzamuphunzitsa ntchito: mphuno walakwitsa, khutu walakwitsa, khosi latalika. Wina analemba kuti mayi wothawa mwana samufunira pa intaneti, amamufunira m'mabala. Ndipo Lachinayi lapitalo wina anadula nkhope ya Namakala, anaimata pa thupi la mkazi wosavala, n'kuchimwaza.

Namakala sanayankhe aliyense. Ankachita zimene Mayi Ovolosi anamuuza sabata yoyamba: ndemanga yoipa iliyonse aziijambula isungike mufoni ngati umboni, kenako mwini wake azimubuloka kuti asamalembenso patsambalo. Anabuloka anthu mazana awiri ndi makumi anayi. Koma m'mawa uliwonse ankatsegulabe foni mtima uli m'mwamba, kuti mwina lero alipo wonena kuti, ndimawadziwa. Ankangopeza matope okhaokha.

3. Makwerero

Mayi Ovolosi anakokera chitini cha penti ndi phazi n'kukhalapo.

"Khala pansi. Ndilankhula kamodzi, chifukwa galasi likudikira.

"Ine ndinayamba ntchito ino kulibe mafoni. Agalu amenewa analipo, kungoti ankauwira pamaso. Ndikakwera makwerero kukalemba khoma la sitolo, amuna ankasonkhana pansi, ena kuyang'ana m'mwamba, ena kugwedeza makwererowo kuti andimve ndikukuwa. Ndinagula ovolosi. Ndiye anayamba kundikuwiza mumsewu: Ovolosi, Ovolosi, mkazi wanji ameneyu, sadzakwatiwa. Ndinalira masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinatenga bulashi n'kulemba dzinalo pamwamba pa chitseko changa, zilembo zazikulu zofiira. Pita panja ukaone, likadalipo. Ogwedeza makwerero aja ena anamwalira, ena amabwera kuno kudzalembetsa zikwangwani za ana awo, chipewa chili m'manja.

"Sindikunena kuti sizipweteka. Zimapweteka. Chithunzi chonyansa chija si nthabwala, ndi mlandu, ndipo Lolemba tikautula kupolisi, ine ndi iwe, ndi umboni wako wonse. Manyaziwo si ako, ndi a amene anachipanga. Ukafuna kupuma, puma. Zimitsa foni sabata yathunthu, thambo siligwa. Koma kupuma n'kwina, kufufuta n'kwina.

"Iweyo ndi amene unandionetsa mmene umajambulira ndi makala. Umayamba wadetsa pepala lonse kuti bii. Kenako umatenga labala n'kumachotsa pang'onopang'ono, apa pamphumi, apa patsaya, mpaka nkhope itatuluka mumdima. Kufufuta kumeneko ndi luso. Koma zimene wachita pagalasipa, kupukuta zoipa ndi zabwino zomwe, si luso ayi, ndi mkwiyo. Tsamba lija unatsegulira ndani? Agaluwo? Ukalifufuta, wodziwa mayi ako akakupeza kuti?"

Namakala anayankha kuti milungu itatu yatha ndipo wodziwa mayi ake sanaoneke. Mwina mayiwo anachiona chithunzicho n'kungokhala chete. Mwina anaona ndi chinacho, chamaliseche chija. Apa misozi inayamba kutsika.

Mayi Ovolosi sanamusisite pamsana. Sanali munthu wa zimenezo. Anangomupatsa kansalu koyera kopukutira kumaso, n'kunena kuti tsamba ndi lake, mutu ndi wake, koma adikire galasi lithe kaye. M'shopu mwawo munthu wanjala ndi munthu wolira sankaloledwa kudula kanthu.

4. Mayi aang'ono

Galasi lisanafike pakati, pakhomo panaima munthu. Anali mayi aang'ono, tepi yoyezera ikadali m'khosi, mapini ali pa bulauzi, akupuma mwawefuwefu. M'shopumo anali asanalowemo chiyambire. Ankati fungo la penti limawapweteketsa mutu.

Kasitomala wina wodzayesa diresi ndi amene anawaonetsa chithunzi chonyansa chija, uku akunamizira chisoni. Moni kwa Mayi Ovolosi mayi aang'onowo anapereka wa theka, n'kulunjika kwa mwana wawo.

"Mwanawe, ndakulera ndi singano zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sunandichititsepo manyazi. Lero munthu wandionetsa zinthu zoti maso anga sanayenere kuona. Ndikudziwa kuti thupi lija si lako, ndinkakusambitsa ndine. Koma kodi ndiziyenda khomo ndi khomo kufotokozera anthu? Walira mvula walira matope. Nkhope yako waipachika pamsewu, ndiye ukudabwa kuti odutsa akuilavulira? Anthu a m'foniwa alibe nkhope, alibe kwawo, alibe makolo oti ukawanenereko. Lero akutukwana. Mawa wina akulembera mokoma kuti bwera pakutipakuti ndikuonetse zakutizakuti, iwe n'kupita wekha, ife n'kumakufunafuna m'zipatala. Ndi atsikana angati apita choncho? Fufuta zonsezo pompano, ine ndikuona. Uzijambula maluwa, uzilemba zikwangwani, ntchito ya manja ilipo. Ndamvanso kuti ukufunafuna munthu. Wopita anapita. Wokufuna amadziwa njira ya kwathu, sitinasamuke."

Namakala anayatsa foni. Inanjenjemera m'manja mwake nthawi yaitali, mauthenga atsopano akukhuthuka. Sanatsegule ngakhale umodzi. Anapita pamalo ofufutira tsamba. Foni inamufunsa ngati akutsimikiza, inde kapena ayi. Chala chake chakuda chinaima pamwamba pa inde.

Pansi pa funsolo pankaonekabe kankhope ka mayi ake, kakang'ono ngati batani.

Mayi Ovolosi ananyamuka, anapita kumapeto kwa shopu, n'kuvundukula nsalu ya pabolodi.

"Musanaweruze, amayi, taonani kaye chimene chabweretsa zonsezi."

5. Chipsera

Mayi aang'ono anatembenuka ali chikwiyire. Kenako maso awo anagwera pa nkhope ija. Anavala magalasi awo n'kuyandikira. Anatambasula dzanja ngati akufuna kukonza kolala ya munthu wa pachithunziyo, n'kulibweza. Anaima choncho mpaka ngolo ziwiri zinadutsa panja.

"Ndi iwowa," ananena motsitsa. "Ngakhale kaweramidwe kake. Akulu anga enieni."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi mpendero wa bulauzi, n'kuwavalanso. Utelala unawabwerera.

"Koma chipsera wachiika kolakwika. Chili kumanzere."

Namakala anati ayi, amachikumbuka bwino, chinali mbali yomweyo. Mayi aang'ono anati asawatsutse pa chipsera chimene anachiika okha. Anali atsikana onse awiri, akulimbirana nsapato za gogoda zopita nazo ku dansi. Mkulu anakoka imodzi, mng'ono n'kumukhoma ndi inayo pamwamba pa diso. Lamanzere. Anakwapulidwa chifukwa cha diso limenelo mpaka osatha kukhala pansi masiku awiri, ndiye sangaliiwale.

Mayi Ovolosi anayang'ana chithunzi, anayang'ana galasi la ometa lija, n'kufunsa Namakala kuti nkhope imeneyi, yowerama chonchi, ankaionera kuti.

Namakala anakumbuka. Lamlungu lililonse masana mayi ake ankamukhazika pa kampando, kutsogolo kwa galasi lalitali limene makasitomala a mayi aang'ono amadziyang'anirapo. Iwo ankaima kumbuyo n'kumamuluka tsitsi. Kutembenuka kunali koletsedwa. Ukatembenuka, chipeso pamutu. Ndiye iye ankangowayang'ana mugalasimo, ola lathunthu, sabata ndi sabata. Akamaliza mzere ankadzutsa maso, maso awo n'kukumana ndi ake. Nkhope zina zonse za mayi ake zinafufutika ndi zaka. Inatsala ndi imeneyo.

"Basi," anatero Mayi Ovolosi. "Wajambula mayi ako ali mkati mwa galasi. Ife a kunja tikuwerenga motembenuza."

Mayi aang'ono anaseka pang'ono, misozi ili lengelenge. Namakala sanaseke. Anali atayang'ana foni, pomwe funso lija linali likudikirabe.

"Alipo wina ananenapo zimenezi," anatero. "Sabata yatha. Anati walakwitsa, chipsera chili kumanzere. Ndinkayesa ndi aja a mphuno ndi makutu aja."

"Ndiye unamutani?" anafunsa mayi aang'ono.

"Ndinamubuloka."

Anayang'anana. Kenako Mayi Ovolosi ananena chimene onse atatu ankaganiza: za mphuno aliyense angabwebwete, koma mbali ya chipsera angainene ndi munthu amene anamuonapo mwini chipserayo.

Chala chakuda chija chinasuntha, n'kudina ayi.

6. Kusankha

Dzina la munthuyo Namakala sankalikumbuka. Linali penapake m'kati mwa umboni uja, ndemanga mazana awiri ndi makumi anayi, ndipo panalibe njira ina koma kuziwerenga imodziimodzi. Iye anati sangathe kuziwerenganso. Mayi aang'ono analanda foni, anakhala pa chitini cha penti, n'kunena kuti iwo anazolowera kufufuza batani limodzi m'chitini chodzaza. Awerenga ndi iwo, mwanayo azingokankha ndi chala.

Anayamba kuwerenga mokweza, ndi mawu a munthu wotchula miyeso ya thalauza. Yoyamba inali yotukwana. Anaimaliza, n'kunena kuti mwini wake satha kulemba ngakhale liwu loti mkazi, aphunzitsi ake anangotaya choko pachabe. Wachiwiri anadzijambula atavala jekete loti mapewa agwera m'zigongono. Anati munthu wovala choncho alibe pakamwa ponenera thupi la mnzake. Wina anamuzindikira ndi Mayi Ovolosi: wogulitsa matayala wa pakona, bambo wa ana anayi, amene chikwangwani chake analemba ndi iwo omwe. Anati ameneyo sachita kudikira Lolemba, mkazi wake iwo amamudziwa, akamuuza lero lomwe.

Zina sizinali zoseketsa. Zikafika zimenezo mayi aang'ono ankasiyira pakati, n'kukankha okha, nsagwada zili gwa. Atafika pa ya m'mabala ija anatsitsa foni.

"Unkawerenga zimenezi wekha? M'nyumba mwanga, ine ndikusoka chipinda chinacho?"

Namakala anavomera ndi mutu.

"Usadzabwerezenso. Mutu umodzi susenza denga."

Chodabwitsa n'chakuti mawu omwe aja, amene ankamulasa akamawerenga yekha, m'kamwa mwa mayi aang'ono ankachepa. Ankamveka ngati ulusi wotsalira, woti n'kungodula ndi mano.

Anaipeza atadutsa zana ndi theka. Munthuyo ankadzitchula kuti Thovu. Pachithunzi chake panalibe nkhope, panali ndowa ya buluu. Mawu ake anali anayi basi, opanda chitukwano, opanda moni: "Walakwitsa. Chipsera chili kumanzere."

Namakala anafuna kumulembera pompo kuti ali kuti, ndibwere liti. Mayi aang'ono anamugwira mkono.

"Dekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbali zilipo ziwiri zokha, munthu akhoza kungonena n'kulondola. Usamuuze kumene umakhala. Usamuuze kumene umagwira ntchito. Nambala usapereke. Akati tikumane, tipita atatu, dzuwa likuswa mtengo, pa anthu. Wakuba samabwera ndi mpeni masiku ano, amabwera ndi chimene mtima wako ukufuna. Ndiye umufunse chimene munthu wa m'foni sangachidziwe. Mufunse kuti chipseracho chinabwera bwanji."

Mayi Ovolosi anati apa ndiye telala walankhula. Namakala anamuchotsa Thovu pa mndandanda wa obulokedwa. Anamulembera mwaulemu, anapepesa, anafunsa funsolo, n'kuika foni chafufumimba pa shelefu.

7. Yankho

Kudikira kumatalika manja akakhala opanda chochita. Mayi Ovolosi anamubweza ku galasi. Ulendo uno B anayang'ana koyenera. Mayi aang'ono, amene fungo la penti linkawapweteketsa mutu, sanachoke. Anati kasitomala uja adikire ndi diresi lake, waonjeza kale.

Galasi litatha, Namakala anapita pabolodi. Chipsera chakale anachidetsa ndi chala mpaka chinalowa m'khungu. Kenako anatenga labala, anasongola nsonga yake ndi lumo, n'kutsegula kamzere koyera pamwamba pa diso linalo. Mayi aang'ono anaima kumbuyo kwake akumuwongolera: akweze pang'ono, achipinde ngati mbedza, basi pomwepo.

Namakala anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Kamzere kamodzi kokha, koma nkhope inali itasintha. Mayi amene iye ankawadziwa anali a mugalasi aja. Awa anali mayi amene anthu ena amawaona, kwinakwake, tsiku ndi tsiku, akugula sopo kapena kudikira basi, osadziwa mwayi umene ali nawo.

Mayi Ovolosi anajambula chithunzicho ndi foni, Namakala ataimanso pambali pake monga poyamba. Mayi aang'ono sanamuletse. Anangomukonza kolala. Pansi Namakala analemba kuti: "Ndakonza chipsera. Ndikufunafunabe." Anagwirizana kuti ndemanga aziwerenga kamodzi pa tsiku, atakhala awiri, ndipo a matope aziwasunga ndi kuwabuloka monga kale.

Foni inalira dzuwa litapendeka, ometa atabwera kale kudzatenga galasi lawo. Namakala anapukuta manja pa siketi, zomwe sizinathandize kanthu, n'kuwerenga mokweza.

"Mwaswera bwanji. Pepani ndachedwa, ndinali pa makina. Ine ndimachapa nsalu za m'hotela. Mayi amenewa timagwira limodzi, iwo ndi a kusita. Ndawafunsa nthawi ya tiyi ngati nthabwala. Aseka, akuti anawakhoma ndi mng'ono wawo ndi nsapato ya gogoda, chikhalirecho nsapatozo zinali zawo."

"Bodza, zinali zanga," anatero mayi aang'ono. Kenako anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka.

Namakala anakhala pansi pa simenti pomwepo. Ali moyo. Amasita. Amamwa tiyi, amaseka. Anafuna kufunsa zinthu khumi nthawi imodzi, koma asanalembe chilichonse foni inaliranso.

"Chithunzi chanu sindinawaonetse, ndikuopa. Iwo amatiuza kuti anali ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo analandira kalata yoti anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Chaka chilichonse mwezi umenewo ukafika sadya nafe. Ndiye inuyo ndinu ndani?"

Mayi Ovolosi anasiya kutsuka bulashi. Namakala anawerenganso chamumtima, liwu ndi liwu, ngati zilembo zingatembenuke n'kunena zina. Sizinatembenuke. Anadzutsa maso n'kuyang'ana mayi aang'ono.

"Mayi, kalata imeneyo analemba ndani?"

Mayi aang'ono anali atasiya kulira. Ankakulunga tepi pa chala, n'kuimasula, n'kuikulunganso, maso ali pa nkhope ya pabolodi.

"Sindinalembe ine, mwanawe. Koma adiresi ya mayi ako ndinali nayo ndekha, ndipo chaka chimenecho ndinaipereka kwa munthu mmodzi." Anadzuka, n'kukutumula fumbi pa siketi. "Usayankhe kaye. Tiye kunyumba, ndikakuuze munthu wake."